Yesu kuphatikiza chinachake: mmene malamulo a anthu amalowera mumpingo

Chaka china kwathu kunagwa maliro a mayi wina amene anaimba kwaya kuyambira ali mtsikana mpaka mawu atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Akuluakulu a mpingo atafika pasiwa, choyamba kufunsa chinali khadi. Anaitsegula nkupeza kuti miyezi ingapo siinalembedwe chopereka, miyezi yomweyo imene mayiwo anali gone pamphasa, osatha ndi kudzuka komwe. Ndiye chigamulo chinatuluka kuti mwambo wa mpingo palibe, amayi a kwaya asavale yunifomu, mlaliki sabwera. Madzulo ake mwana wawo wamkazi anandikokera kuseri kwa nkhokwe nkundifunsa motsitsa mawu kuti, achimwene, ndiye kuti amayi sakalowa kumwamba? Funso limeneli limandiwawabe mpaka lero. Palibe amene anaima pagome nkulalikira kuti khadi imapulumutsa, ayi, koma mwana uja anaphunzira zimenezo poona zochitika, ndipo chiphunzitso cholowa ndi maso chimakhazikika kuposa cholowa ndi makutu.

Vuto limeneli ndi lakale ngati mpingo womwe. Ndi pamene lamulo, kaya la m'Baibulo lotengedwa molakwika kaya loika anthu, likusandutsidwa khomo lolowera kwa Mulungu, moti munthu akuyamba kuganiza kuti Mulungu amamulandira chifukwa wasunga ichi ndi icho. Kuti timvetse mmene zimayendera tibwerere kumene zinayamba kuphulika, ku Galatiya, dera lomwe lero lili mkatikati mwa dziko la Turkey.

Paulo ndi Barnaba anayenda m'mizinda ya Ikoniyo, Lustra ndi Derbe cha m'ma 47 ndi 48, nkusiya timipingo ta anthu ambiri amene sanali Ayuda. Anthuwa anamva za Yesu wopachikidwa ndi kuuka, anakhulupirira, anabatizidwa, basi. Paulo atachoka kunabwera aphunzitsi ena, ndipo apa mvetsetsani bwino, anthuwa sankakana Yesu. Akanati akane Yesu bwenzi aliyense atawazindikira tsiku lomwelo. Iwo ankati Yesu ndi Mesiya ndithu, mwachita bwino kukhulupirira, koma mwangoyamba chabe, kuti mukhale ana enieni a Abrahamu muyenera mdulidwe ndi kusunga chilamulo cha Mose, zakudya, masiku, miyezi, zonse. Mdulidwe wake si ngati wa kuchipatala umene achipatala amalimbikitsa masiku ano kapena wa kujando, uwu unali chizindikiro choti munthu walowa m'pangano la Mulungu.

Ndipo tisawaone ngati anthu opanda nzeru. Anali ndi vesi, Genesis 17, pamene Mulungu mwini akuuza Abrahamu za mdulidwe. Analinso ndi mbiri yowawa kumbuyo kwawo. Cha m'ma 167 Yesu asanabadwe, mfumu Antiochus IV inaletsa mdulidwe ndi Sabata ku Yudeya, ndipo Ayuda anaphedwa chifukwa chokana kudya nkhumba ndi chifukwa chochita mdulidwe pa ana awo. Ndiye munthu amene makolo ake anafera zimenezo ukamuuza kuti mlendo uyu alowe popanda mdulidwe, kwa iye zikumveka ngati kulavulira manda a agogo ake. Ambiri amene amagwira malamulo mwamphamvu chonchi amakhala oona mtima, amaopa kuti tikamasula pang'ono zonse zigwa. Kuona mtima kwawoko nkumene kumachititsa kuti chiphunzitsocho chikhale chovuta kuchikana.

Koma taonani mmene Paulo anayankhira. M'makalata ake ambiri amayamba ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mpingo umene akuulembera, ngakhale Akorinto amene ankaledzera pa mgonero ndi kutengerana kukhoti anawathokozera. Kwa Agalatiya mawu othokoza mulibe, wangopereka moni nkuyamba kudabwa kuti mwatembenuka msanga bwanji. Akuti ngakhale mngelo wochokera kumwamba atabwera ndi uthenga wina, akhale wotembereredwa. Pa mutu 3 akuwafunsa kuti anakulodzani ndani. Nchifukwa chiyani mkwiyo wonsewu pa kamwambo kamodzi? Yankho lili pa Agalatiya 2:21, kuti ngati chilungamo chimadzera m'chilamulo ndiye kuti Khristu anafa pachabe. Mukati Yesu kuphatikiza mdulidwe, mwanena kuti ntchito ya pamtanda inatsala pang'ono ndipo inu ndi amene mumalizitse. Ndipo mtima wa munthu mmene ulili, umasiya kuyang'ana chachikulucho nkumayang'ana chowonjezeracho, poti ndi chimene chimaoneka, chimawerengeka, chimasiyanitsa ife ndi iwo.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Antiokeya, mzinda umene lero ndi Antakya. Kumeneko Ayuda ndi amitundu ankadyera pamodzi, ndipo Petro atafika ankadya nawo bwinobwino, pajatu iye ndi amene anaona masomphenya a chinsalu chodzaza nyama uja nkukalowa m'nyumba ya Korneliyo. Kenako kunabwera alendo ochokera kwa Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, Petro nkuyamba kudzipatula pang'onopang'ono, Ayuda ena nkumutsatira, mpaka Barnaba yemwe. Petro sanalalikire chilichonse chabodza, anangosuntha mbale. Ife timadziwa tanthauzo la kudyera mbale imodzi, ndipo timadziwa mmene zimapwetekera munthu amene dzulo mumapisa naye m'mbale lero akukupatsani yanuyanu pambali. Akhristu amitundu aja anamva uthenga wonse popanda wowauza, kuti inu ndinu a mzere wachiwiri. Paulo anamudzudzula Petro pamaso pa onse kuti sakuyenda molunjika ndi choonadi cha Uthenga Wabwino. Onani kuti chimene chinamusuntha Petro anali mantha, kuopa kuti a kulikulu akanena chiyani. Malamulo ambiri olemetsa m'mipingo yathu akukhalabe chifukwa cha mantha omwewo, abusa eni ake mumtima sakuwakhulupirira koma akuopa madoda a pabenchi yakutsogolo.

Nkhaniyi inakafika ku msonkhano wa ku Yerusalemu, cha m'ma 49, umene walembedwa pa Machitidwe 15. Petro yemweyo anaimirira nkunena kuti bwanji mukufuna kuika pakhosi pa ophunzira goli limene makolo athu ngakhale ifeyo tinalephera kulisenza. Yakobo anamanga mfundo yoti amitundu asavutitsidwe, angopewa zoperekedwa kwa mafano, dama, nyama yopotola ndi magazi, ndipo zambiri mwa izi zinali zothandiza kuti Myuda ndi wamitundu athe kukhala pa chakudya chimodzi popanda wina kunyansidwa.

Apa wina afunsa kuti ndiye malamulo onse ndi oipa? Ayi ndithu, ndipo anyamata awiri a Paulo amatithandiza kuona malire ake. Tito anali Mgriki, Paulo anapita naye ku Yerusalemu ndipo anakanitsitsa kuti asachitidwe mdulidwe, sanagonje ngakhale ola limodzi. Timoteo mayi ake anali Myuda, bambo Mgriki, ndipo pa Machitidwe 16:3 Paulo yemweyo anamuchita mdulidwe. Mpeni womwewo, mwambo womwewo, koma pa Tito anthu ankati popanda ichi sapulumuka, pomwe pa Timoteo nkhani inali yoti athe kulowa m'masunagoge nkulalikira popanda chokhumudwitsa. Ndiye mpingo ukanena kuti mapemphero amayamba 8 koloko, a kwaya avale zofanana, ofuna kubatizidwa alowe kalasi, ndalama ziwerengedwe ndi anthu atatu, limenelo ndi dongosolo ndipo banja lililonse limakhala nalo. Zimasintha pamene yunifomu ija yayamba kuyeza amene ali woyera, pamene kalasi yasanduka mayeso a chipulumutso, pamene khadi yayamba kuyankha funso la mwana uja kuseri kwa nkhokwe.

Nanga chilamulo cha Mose chinabwereranji? Paulo akuti lonjezo kwa Abrahamu linabwera poyamba, chilamulo chinadza patapita zaka 430, ndiye sichingafafanize lonjezolo. Pa Agalatiya 3:24 Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, linagwiritsa mawu amene ife timawamva msanga, akuti chilamulo chinali namkungwi wotifikitsa kwa Khristu. Namkungwi ndi wofunika, amalanga, amaphunzitsa, amaonetsa mwana pamene akulakwa. Koma palibe namwali amene amakhala kutsimba moyo wake wonse, chinamwali chimatha, munthu amatuluka nkukayamba moyo wa ukulu. Aphunzitsi a ku Galatiya ankafuna kubweza anthu akuluakulu kutsimba.

Pali njira ina imene malamulo amachulukira, yomanga mpanda kuzungulira lamulo. Arabi, aphunzitsi a Chiyuda, anawerenga malamulo 613 m'mabuku a Mose, ndipo pofuna kuti munthu asayandikire nkomwe kuswa Sabata, Mishnah, buku la miyambo yawo, imene inalembedwa cha m'ma 200 inandandalika mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa tsikulo. Cholinga chinali chabwino, vuto ndi loti pakapita nthawi anthu amayamba kulondera mpanda nkuiwala munda. Yesu anakumana ndi zimenezi pa Marko 7, pamene munthu ankatha kunena kuti chuma changa ndi Korban, choperekedwa kwa Mulungu, basi osathandizanso bambo ndi mayi ake, mwambo wa anthu nkugwetsa lamulo lenileni la kulemekeza makolo. Pa Mateyu 23 akuwauza kuti mumapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira ta m'dimba koma mwasiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Ndikaganiza za mnyamata amene amatumiza chakhumi pa foni tsiku lomwelo la malipiro chifukwa anamuopseza ndi temberero, pomwe mayi ake kumudzi denga likudontha ndipo feteleza alibe, ndimaona Korban yemweyo atavala suti.

Za zovala nazo tili ndi mbiri yathu. Kuyambira 1973 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo la boma ku Malawi linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi. Lamulolo linachoka koma m'mitu ya ambiri linatsala ngati kuti linachokera pa phiri la Sinai, ndipo vesi imene amaigwira ndi Deuteronomo 22:5, osaona kuti nthawi imeneyo amuna omwe sankavala thalauza, komanso kuti mutu womwewo pa vesi 11 ukuletsa chovala chosakaniza ubweya ndi nsalu ina, chimene palibe amene amachifufuza pakhomo la tchalitchi. Kuvala modzilemekeza ndi chinthu chabwino, ine ndimachikonda, ndipo mayi amene amamanga duku chifukwa mtima wake watero asanyozedwe ndi aliyense. Koma mtsikana akabwezedwa pakhomo tsiku loyamba limene walimba mtima kubwera kudzapemphera, mpingo umenewo wamuphunzitsa kuti Mulungu amayamba kuona nsalu.

Zipatso zake mumpingo zimakhala ziwiri ndipo zonse ndi zowawa. Amene akukwanitsa malamulo ooneka aja amadzikuza, amakhala apolisi a anzawo. Amene akulephera amataya mtima kapena amaphunzira kubisa, ndipo kubisaku ndiye koopsa zedi, poti tchimo limene silioneka limakhala pa mtendere. Mtsikana wotenga mimba amaimitsidwa mgonero mpingo wonse ukuona chifukwa mimba sibisika, mwamuna amene anamupatsa mimbayo ali phee pa mpando wake. Bambo amene sanalawepo mowa chibadwire koma amamenya mkazi wake usiku uliwonse amatchedwa mkhristu wolimba. Kusunga mwambo mumpingo kulipo m'Malemba, sindikukana, koma Agalatiya 6:1 akuti wogwa mumubweze ndi mzimu wofatsa mukudziyang'anira nokha. Cholinga ndi kubweza munthu, ndipo chilango chimene chimangogwera osauka, amayi ndi achinyamata chasiya kale cholinga chimenecho.

Tsono apa ndi pamene malamulo a anthu amakumanirana ndi aphunzitsi onyenga, ndipo ambiri sitiona kulumikizana kwake chifukwa timaganiza kuti mpingo wa malamulo okhwima ndi wina, wa aneneri a zozizwitsa ndi wina. Muzu ndi umodzi. Mukangoika khomo lina pakati pa munthu ndi Mulungu, pafunika mlonda wa pakhomopo, ndipo mlonda sachedwa kuika mtengo. Paulo anaziona pa Agalatiya 4:17, akuti anthuwa akufuna kukutsekerani kunja kuti inu muziwafunafuna iwowo. Ku Germany mu 1517 Johann Tetzel ankayenda kugulitsa zikalata za chikhululukiro cha zilango, ndalama zina zikupita kukamanga tchalitchi cha St Peter's ku Rome, anthu osauka nkumalipira poganizira abale awo amene anamwalira. Izi ndi zimene zinamuchititsa Martin Luther kulemba mfundo 95 zotsutsa malondawo ku Wittenberg, ndipo mpingo wa Katolika womwe pambuyo pake unaletsa zogulitsazo. Lero chikalata chija chabwera ngati botolo la madzi, mafuta odzozera, stika ya pagalimoto, mbewu yofesa kuti mutsegule madalitso, ndalama yoonera munthu wa Mulungu payekha. Ukapanda kuchira amati chikhulupiriro chako nchochepa kapena mbewu inachepa, ndiye umabwereranso ndi ina. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti ndalama zakozo ziwonongeke nawe pamodzi, zili pa Machitidwe 8:20.

Ndipo ukafunsa amakutseka pakamwa ndi Salimo 105:15, musakhudze odzozedwa anga. Werengani salimo lonselo muone, likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali owerengeka, akuyendayenda pakati pa mitundu, Mulungu nkumachenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Silikunena zoti mtsogoleri asafunsidwe za ndalama kapena za chiphunzitso chake. Ngati Petro, mtumwi amene anayenda ndi Yesu zaka zitatu, anadzudzulidwa pagulu ndi mnzake, mneneri wanuyo amene mumamutcha papa ndi ndani kuti asafunsidwe?

Kumene njira imeneyi imathera tinakuona kwa anansi athu. Ku Kanungu m'dziko la Uganda kunali gulu lotchedwa Movement for the Restoration of the Ten Commandments of God, lotsogozedwa ndi Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde. Dzina lokhalo likunena za kubwezeretsa Malamulo Khumi, ndani angatsutse zimenezo? Koma poopa kuchita umboni wonama anthu ankaletsedwa kulankhula nthawi zambiri, ankangolozerana ndi manja, okwatirana analetsedwa kukhalira pamodzi, kusala kudya kunali kwa lamulo, ambiri anagulitsa katundu wawo nkupereka ndalama kwa atsogoleri poti anauzidwa kuti dziko litha kumapeto kwa 1999. Dziko silinathe, anthu anayamba kufunsa za katundu wawo. Pa 17 March 2000 mazana a anthu anapsera m'nyumba yopemphereramo itakhomedwa, ndipo apolisi atafukula malo ena a gululi, onse akufa anapitirira 700, ana ambirimbiri ali momwemo. Mu April 2023 ku nkhalango ya Shakahola kufupi ndi Malindi ku Kenya anayamba kufukula mitembo ya otsatira a Paul Mackenzie, amene ankaphunzitsa kuti sukulu ndi chipatala ndi za Satana, ndipo anthu anauzidwa kusala kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Mitembo inapitirira 400. Palibe amene analowa magulu amenewa akudziwa kuti akukafa. Analowa chifukwa ankafuna Mulungu ndi mtima wonse, anaona kuti kuno ndiye kuli kulimba, kuno sasewera. Lamulo loyamba linali laling'ono, lachiwiri linawachotsa kwa achibale, pofika lomaliza panalibenso wowauza kuti imani kaye.

Paulo anachenjezeratu za kukongola kwa zoterezi. Pa Akolose 2:20 mpaka 23 akutchula malamulo a usagwire, usalawe, usakhudze, nkunena kuti amaoneka ngati nzeru ndi kudzichepetsa ndi kuzunza thupi koma alibe mphamvu yoletsa zilakolako. Pa 1 Timoteo 4 akuti kudzabwera oletsa ukwati ndi zakudya zimene Mulungu analenga. Ndi chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva kuti munthu wasiya ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa anamuuza kuti kumwa mankhwala ndi kusakhulupirira. Limenelo ndi lamulo loika munthu, Mulungu sanalinene, ndipo limapha.

Mbali inayo nayonso ili ndi dzenje, ndiyenera kuitchula. Pali ena akamva za chisomo amati ndiye tizingochita zimene tikufuna, Mulungu anakhululuka kale. Yuda vesi 4 akuwatchula amenewa kuti asandutsa chisomo kukhala chilolezo cha zonyansa, ndipo kalata yomweyo ya Agalatiya pa 5:13 ikuti ufulu wanu usakhale mpata wa thupi, koma tumikiranani mwa chikondi. Wokhululukidwa amasintha ndithu, amasiya kuba, amabweza ngongole, amakhala wokhulupirika m'banja, amapereka mowolowa manja mwina kuposa chakhumi chomwe. Kusiyana kwake nkwakuti akuchita ngati mwana wa pakhomo amene akudziwa kuti malo ake alipo kale, pomwe winayo akuchita ngati waganyu amene akuopa kuti akapanda kumaliza ndime sadya.

Ndiye munthu wamba, wopanda sukulu ya ubusa, angadziteteze bwanji? A ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anatamandidwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene Paulo akunena zinali zoona, Paulo weniweniyo. Ife tili ndi mwayi woposa iwo, Baibulo lili m'chilankhulo chathu, la Buku Lopatulika, la Buku Loyera, ena ali nalo pa foni. Akakupatsani vesi imodzi werengani mutu wonse, muone akulankhula ndani, akuuza ndani, nkhani yake inali yotani. Kalata ya Agalatiya ili ndi mitu 6 yokha, mutha kuimaliza nyemba zisanapse. Ndipo lamulo lililonse limene mwapatsidwa lifunseni kuti, ndikalephera ili akuti Mulungu wanditaya kapena ndangosemphana ndi dongosolo la pano? Amene akupindula ndikalisunga ndani? Kodi wotsogolera naye likumumanga? Ndikafunsa amanditsegulira Baibulo kapena amandiopseza? Mukaona kuti akukuuzani kuti achibale anu onse ndi mfiti, mipingo ina yonse ndi yotayika, musamve wina aliyense koma ife, nyamukani msanga ndipo muwatenge ana.

Mwana uja sindinamuyankhe ndi nzeru zanga. Tinakhala pa mtondo wogwetsa kuseri komweko, ndinayatsa tochi ya foni nkumuwerengera Luka 23, za wachifwamba amene anapachikidwa pambali pa Yesu, manja atakhomedwa moti sakanatha kupereka kanthu kapena kusaina paliponse, nkuuzidwa kuti lero lomwe udzakhala nane m'Paradaiso. Kenako Aefeso 2:8 ndi 9, zoti timapulumuka ndi chisomo osati ndi ntchito. Analira nthawi yaitali. Cha m'ma 10 usiku tinamva mapazi kumsewu, anali amayi a kwaya aja, atabwera m'zitenje zawo za masiku onse popanda yunifomu, mmodzimmodzi kuti asaoneke ngati gulu. Analowa m'nyumba ya siwa, anakhala pansi mozungulira bokosi, ndipo anaimba nyimbo zonse zimene ankaimba ndi mnzawoyo mpaka tambala woyamba.